Mikango itatu yamphongo yasowa kwa milungu itatu: yapita kuti, nanga ibwerera?

Wowerenga wina wa ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, walemba motere: "Bambo, ine ndikuphunzira ntchito yoperekeza alendo m'nkhalango ya South Luangwa. Kudera lomwe timayendako kuli mikango itatu yamphongo yoyendera limodzi, ndipo kwa chaka chathunthu takhala tikuiona pafupipafupi ili ndi banja lina la mikango yaikazi lomwe lili ndi ana aang'ono. Tsopano patha milungu itatu osaiona. Anzanga akuti anaona iwiri kutsidya kwa mtsinje, wachitatu panalibe. Kumudzi kwathu, komwe si kutali ndi malire a nkhalango, anthu ayamba kumva kubangula usiku, ndipo amayi akuda nkhawa ndi mbuzi zawo. Kodi mikango yamphongo imayenda mtunda wautali bwanji? Kodi yathawa, yaphedwa, kapena ndi yomweyo ikubangula kumudziyo? Nanga ana aja awateteza ndani?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Milungu itatu si nthawi yaitali pa kayendedwe ka mikango yamphongo. Gulu lomwe lili ndi dera lakelake likhoza kusowa pamalo pomwe munalizolowera kwa milungu ingapo, ngakhale mwezi, kenako n'kudzalipeza m'mawa wina lili gone pamchenga, litakhuta, ngati silinachokepo. Kuona iwiri popanda wachitatu nakonso si chizindikiro cha imfa. Mikango yogwirizana imasiyana kawirikawiri kwa masiku angapo n'kudzakumananso. Komabe pali zizindikiro zina zomwe zikaoneka ndiye kuti zinthu zasinthadi, ndipo ndizifotokoza bwino kuti mudziwe choyang'ana.

Tiyambe ndi funso loti dera ndi la yani. Eni nthaka ndi mikango yaikazi. Amayi, ana awo aakazi, azichemwali ndi adzukulu amakhala pamalo amodzi mibadwo ndi mibadwo, ndipo malire a dera lawo sasinthasintha kwenikweni. Yamphongo imabwera ngati akamwini pamudzi wa eni: yabadwira kwina, yalowa, ikhala zaka zochepa, kenako ichoka kapena ichotsedwa, koma mbumba itsala pomwepo. Choncho dera la gulu la yamphongo silitsata chakudya chokha ayi. Limatsata kumene kuli yaikazi, komanso kumene kuli yamphongo ina yomwe ingalimbane nayo. Gulu lamphamvu limatha kugwira mabanja awiri, atatu kapena kupitirira apo, ndipo dera lake limaphimba madera a mabanja onsewo. Inu mumadziwa banja limodzi chifukwa ndi lomwe lili pafupi ndi misewu yomwe mumadutsa. N'kutheka ndithu kuti itatu ija ili ndi banja lachiwiri kutsidya komwe anzanu anaiona.

Gulu lotere limayamba ali ana. Mikango yaikazi ya banja limodzi imakonda kubereka nthawi yoyandikana n'kulera ana pamodzi, moti ana aamuna obadwa nyengo imodzi, apachibale ndi asuweni, amakula atazolowerana. Akafika zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi zina zinayi, amathamangitsidwa kapena amachoka okha. Ndiye pamabwera zaka zovuta zongoyendayenda, opanda pawo, akuzemba eni madera, akudya zotsala za ena ndi zomwe angagwire okha. Ambiri amafera pomwepa. Opulumuka amayamba kuyesa kulanda banja akafika zaka zinayi mpaka 6. Wobadwa yekha, kapena amene abale ake atha, amafunafuna mnzake wosakhala m'bale wake, chifukwa mkango wamphongo umodzi sungasunge dera nthawi yaitali pomwe pali mikango yambiri. Ku Serengeti ku Tanzania, komwe kafukufuku wa mikango anayambika ndi George Schaller mu 1966 n'kupitirizidwa ndi Craig Packer ndi anzake, atayeza magazi anapeza kuti magulu a iwiri kapena itatu nthawi zambiri amakhala ndi mlendo wosakhala wachibale, koma magulu a inayi kupita m'tsogolo amakhala apachibale okhaokha. Chifukwa chake n'chomveka: m'gulu lalikulu si onse amabereka mofanana, ndiye wotsalira amapindula pokhapokha ngati obereka ali abale ake.

Nthawi yomwe gulu limakhala pa banja ndi yaifupi, pafupifupi zaka ziwiri kapena zitatu ku Serengeti, ndipo gulu likakula nthawi imatalikirako. Zaka ziwirizi n'zofunika kwambiri, pakuti ndi nthawi yomwe mwana amafunika kuti akule mpaka kutha kuthawa kapena kudziteteza. Mkango waukazi umakhala ndi bere masiku pafupifupi 110, ndipo ukamalera suyembekezeranso mpaka ana atayandikira zaka ziwiri. Yamphongo yatsopano ikalanda banja siidikira zonsezo. Imapha ana aang'ono, ndipo pakangopita masiku kapena milungu yochepa amayi aja amakhala okonzeka kukweredwanso. Ku Serengeti, mwa ana anayi alionse omwe amafa asanakwane chaka, pafupifupi mmodzi amafa mwa njira imeneyi. N'chifukwa chake funso lanu lokhudza ana lili ndi nzeru. Koma dziwani kuti yamphongo siteteza ana pogona pambali pawo. Imawateteza poyenda m'malire, kutali ndi iwo, kuti alendo asalowe. Nthawi zambiri mukaisowa pafupi ndi ana ndiye kuti ili pa ntchito yomweyo.

Tsopano za kukula kwa dera. Kuti manambala amveke, malo a makilomita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi ndiwo masikweya kilomita 100, kapena mahekitala 10,000. Komwe nyama n'zochuluka ndipo madzi saphwa, banja la mikango likhoza kukhala m'dera la masikweya kilomita 20 mpaka 50 okha. M'nkhalango zambiri za mitengo ndi udzu dera limakhala pakati pa 50 ndi 400. Kumalo ouma monga Kgalagadi, pamalire a Botswana ndi South Africa, kapena Etosha ku Namibia, dera limapitirira masikweya kilomita 1,000, ena mpaka kuposa 2,000. Chomwe chimalamula si kuchuluka kwa nyama pa nyengo yabwino, koma kuchepa kwake pa nyengo yoipitsitsa ya chaka, pakuti dera liyenera kudyetsa banja ngakhale pa miyezi ya njala. Malo okoma kwambiri, malinga ndi zomwe anapeza ku Serengeti, ndi pomwe mitsinje imakumana, chifukwa pali madzi, mthunzi, pobisa ana ndi pobisalira nyama zobwera kudzamwa. Mabanja aakulu ndiwo amagwira malo otere, ndipo yamphongo yamphamvu imalimbirana mabanja omwewo. M'mbali mwa Luangwa nyama zimathithikana, kotero madera a mabanja si aakulu ngati a kuchipululu, koma dera la yamphongo yokhala ndi mabanja awiri likhoza kutambasuka makilomita 20 kapena kuposa m'litali motsata mtsinje. Galimoto yoyenda maola anayi m'mawa imangoona kachigawo kochepa ka dera lotere.

Chitsanzo chodziwika cha gulu lomwe linakulitsa dera mpaka kulephera kulisunga ndi la Mapogo, ku Sabi Sand, pafupi ndi nkhalango ya Kruger ku South Africa. Inali mikango 6 yochokera m'banja limodzi, ndipo cha mu 2006 inayamba kulanda mabanja motsatizana mpaka kulamulira gawo lalikulu la malo a masikweya kilomita pafupifupi 650. Dera litakula chomwecho gululo linagawikana. Iwiri, yomwe operekeza alendo ankaitchula kuti Mr T ndi Kinky Tail, inkasunga mbali imodzi, inayo ili kumadzulo. Mu June 2010 gulu lina la isanu, la Majingilane, linalowa kuchokera ku Kruger. Iwiri ija inapha umodzi mwa alendowo, koma inayi yotsalayo inabwerera n'kupha Kinky Tail. Mr T anathawira kwa abale ake kumadzulo, komwe anaphedwa ndi gulu la Selati mu March 2012. Phunziro la ntchito yanu apa ndi lakuti gulu lamphamvu pa chiwerengero limafooka likamwazikana, ndipo adani amadikira mpaka apeze umodzi kapena iwiri ili payokha.

Pa tsiku wamba mkango umapuma maola pafupifupi 20 ndipo umayenda makilomita ochepa chabe, asanu kapena 6. Koma yamphongo ikakhala pa ulendo woyendera malire imatha kudula makilomita 10 mpaka 20 usiku umodzi, ikutsata misewu ya galimoto, njira za njovu ndi za mvuu, ndi mitsinje youma ya mchenga. Ikamapita imaima pa chitsamba, n'kukhuza nkhope pa masamba, kutembenuka, kuimika mchira ndi kuwaza mkodzo chakumbuyo. Pena imanjuta n'kupalasa pansi ndi miyendo yakumbuyo, kusiya mizere iwiri yoyandikana yonyowa ndi mkodzo. Mizere yotereyi mukaipeza m'mawa pamphambano ya njira, ndi umboni wakuti mwini dera wadutsa usiku womwewo, ngakhale simunamuone. Kubangula kumamveka mpaka makilomita 8 usiku wabata, makamaka m'bandakucha mpweya ukazizira, ndiponso pamwamba pa madzi phokoso limapita patali. Apa ndiye pali yankho loyamba kwa amayi kumudzi: mkango womwe ukumveka ngati uli kuseri kwa nkhokwe ukhoza kukhala makilomita asanu kutali, m'kati mwa nkhalango.

Pali chinthu china chokhudza kubangula chomwe ambiri sachidziwa. Akatswiri a ku Serengeti, pakati pawo Jon Grinnell ndi Karen McComb, ankaika zokuzira mawu m'tchire n'kuulutsa kubangula kojambulidwa. Anaona kuti mikango imawerenga mawu a adani, imadziwa ngati ndi umodzi kapena itatu, ndipo yamphongo ya eni dera imapita molunjika komwe kwamveka mlendo. Anaonanso kuti yamphongo yongoyendayenda siibangula ikakhala m'dera la eni, ngakhale itasochererana ndi anzake. Imadutsa mwakachetechete. Imayamba kubangula pokhapokha ikafuna kulanda, kapena ikapeza malo opanda mwini. Choncho wobangula usiku ndi usiku pafupi ndi mudzi wanu kawirikawiri ndi mwini dera amene akulengeza malire ake, ndipo akhoza kukhala mmodzi mwa itatu yanu ija. Mkango woopsa kwa mbuzi nthawi zambiri ndi wosamvekayo: wamng'ono wothamangitsidwa, wokalamba wolandidwa banja, kapena wovulala.

Ndiye n'chiyani chingakhale chachotsa mikango yanu? Chofala kwambiri ndi yaikazi ya banja lina. Waukazi akakhala pa nyengo yokweredwa, wamphongo woyamba kumupeza amamutsatira paliponse kwa masiku atatu kapena anayi, osadya bwino, akukwerana pafupipafupi usana ndi usiku, ndipo anzake amamusiya n'kupitiriza ulendo. Ngati yaikazi ingapo ya banja limenelo yalowa nyengo motsatizana, milungu itatu imatha mosavuta. Chachiwiri ndi nyama yaikulu. Njati kapena mvuu yakufa imasunga yamphongo pamalo amodzi masiku angapo, chifukwa wamphongo wolemera makilogalamu 190 amatha kudya makilogalamu 30 nthawi imodzi n'kugona pomwepo kulondera zotsala. Musamvere zoti yamphongo siisaka. Ku Kruger, Paul Funston anapeza kuti yamphongo ya eni madera imakhala nthawi yambiri kutali ndi yaikazi ndipo imadziphera yokha njati. Gulu la njati likasuntha, iyonso imasuntha.

Chachitatu ndi nyengo. M'chilimwe, kuyambira August mpaka October, zithaphwi zimaphwa, nyama zonse zimatsikira kumtsinje, ndipo Luangwa amachepa mpaka mikango kumawoloka pamchenga madzi akulekeza m'miyendo. Mtsinje sukhalanso malire olimba. M'dzinja nyama zimabalalika kupita kumtunda, udzu umatalika, misewu ya dothi lamakande imatsekeka, ndipo mikango imasowa pamaso pa anthu ngakhale isanapite patali. Ngakhale madzi akuya sailetsa ikatsimikiza. Mu February 2024, ku Queen Elizabeth National Park ku Uganda, yamphongo iwiri yapachibale, Jacob ndi Tibu, inajambulidwa ikusambira mtunda woposa kilomita imodzi kuwoloka Kazinga Channel, madzi odzaza ng'ona ndi mvuu, italephera nkhondo kutsidya lina ndipo ikufuna yaikazi. Jacob anali ndi miyendo itatu yokha, wachinayi unaduka mu msampha.

Chachinayi ndi kulandidwa banja, ndipo ichi mungachidziwe poyang'ana yaikazi, osati yamphongo. Ngati amayi aja akuyenda momasuka m'malo awo a nthawi zonse, ana akusewera poyera, onse ali bwinobwino, ndiye kuti eni ake akadalipo. Koma ngati banja lagawikana, amayi a ana aang'ono asowa kapena akubisala m'mphepete mwa dera lawo, ena ali ndi mabala atsopano kumaso ndi m'mapewa, mawere akadali ndi mkaka koma ana kulibe, ana okulirapo a chaka ndi theka akuyenda okha ali owonda, ndiponso mukumva kubangula kwamphamvu pakati penipeni pa dera masiku otsatizana, ndiye kuti alendo alowa. Yamphongo yogonja imaoneka ndi mabala kumsana chakumunsi, m'matako ndi m'miyendo yakumbuyo, chifukwa adani akakhala ambiri mmodzi amaikopa kutsogolo ena akuluma kumbuyo. Ana osakwana chaka ndiwo ali pangozi yaikulu. Izi n'zowawa kuziona, koma ndi chilengedwe cha mikango, ndipo alonda a nkhalango salowererapo.

Chachisanu ndi chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa n'chochokera kwa anthu. Dera la yamphongo likadutsa malire a nkhalango, imakumana ndi misampha ya waya yotchera nswala ndi njati, komanso malo ololedwa kusaka monga Lupande. Ku nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe, Andrew Loveridge ndi anzake a ku Oxford anatsata mikango pakati pa 1999 ndi 2004, ndipo anapeza kuti 72 pa 100 iliyonse ya yamphongo ikuluikulu yomwe anaiika zizindikiro inaphedwa ndi alenje olipira kunja kwa malire. Wa m'malire akaphedwa, malo ake amakhala opanda mwini, ndipo amakoka yamphongo ina kuchokera m'kati mwa nkhalango, nayonso n'kukaphedwa komweko. Yotsala yochepayo inkayenda madera aakulu kwambiri kuti ifikire mabanja ambiri. Kusaka kutaimitsidwa kuyambira 2005 mpaka 2008, yamphongo inachuluka ndipo madera ake anachepa. Kwanu komweko ku Luangwa zinaonekanso chimodzimodzi pomwe boma la Zambia linaimitsa kusaka mikango kuyambira 2013 mpaka 2015: yamphongo yambiri inapulumuka ndipo ana ambiri analeredwa. Gulu la itatu likataya mmodzi limatsala lofooka pamaso pa gulu lina la itatu, choncho waya umodzi ukhoza kupha wamphongo mmodzi lero, ndi ana a mabanja awiri miyezi ingapo kutsogolo. Si nthawi zonse zimatha moipa chotero. Wamphongo wina wotchuka wotchedwa Cecil ataphedwa ndi mlenje kunja kwa Hwange mu July 2015, mnzake Jericho, yemwe sanali m'bale wake, anakhalabe m'deralo ndipo ana a Cecil sanaphedwe monga ambiri ankaopera.

Mtunda wautali kwenikweni umayendedwa ndi yamphongo yaing'ono yofuna malo. Ina imakhazikika pafupi ndi komwe inabadwira, monga zimachitikira kawirikawiri ku Kruger, koma ina imapita makilomita 100, 200 kapena kuposa. Ku Hwange anaona kuti yoyendayendayi imalowa m'minda ndi m'midzi kuposa ikuluikulu yokhazikika, ndiponso kuti yothamangitsidwa isanakwane zaka ziwiri ndi theka siikhalitsa ndi moyo. Mu June 2015 wamphongo wa zaka zitatu wotchedwa Sylvester, atavutitsidwa ndi akuluakulu, anatuluka pansi pa mpanda wa Karoo National Park ku South Africa n'kuyenda makilomita oposa 300 m'milungu itatu, akupha nkhosa m'njira. Atamubweza anathawanso mu 2016. Chomwe chinathandiza n'kumusamutsira dera la Addo n'kumuphatikiza ndi wamphongo wina wamng'ono kuti akhale gulu. M'nkhalango zotchingidwa ndi mpanda mulibe kothawira, ndiye oyang'anira amachita okha ntchito yosamutsayo. Ku Malawi, Majete, ya masikweya kilomita 700, inalandira mikango kuchokera ku South Africa mu 2012, ndipo mu 2018 bungwe la African Parks linasamutsa yamphongo iwiri kuchoka kumeneko kupita ku Liwonde. Koma kumalo otseguka, monga pakati pa chigwa cha Luangwa, Lukusuzi ndi Kasungu, yaing'ono imadziyendera yokha, ndipo ndi yomwe imatulukira mwadzidzidzi m'midzi yomwe anthu anaiwala kale za mkango.

Inuyo monga wophunzira, yambani kaundula wa mikango itatuyi, pakuti popanda iye zonse ndi mphekesera. Jambulani nkhope ya uliwonse mbali zonse ziwiri. Pamwamba pa mzere woyamba wa timadontho ta ndevu pamakhala timadontho tina tochepa tomwazikana, ndipo kakhalidwe kake sikasintha moyo wonse, komanso mbali yamanja imasiyana ndi yamanzere. Onjezani mong'ambika m'makutu, zipsera ndi mano othyoka. Musadalire manyenje, chifukwa amasintha ndi msinkhu, matenda ndi kuvulala, ndipo kumalo otentha ngati kuchigwa amakhala aafupi ngakhale pa mkango wokhwima. Mphuno imathandiza poyerekeza zaka: imayamba yofiirira, imachita timadontho takuda, ndipo pofika zaka zisanu kapena 6 pafupifupi theka limakhala lakuda, koma muziiphatikiza ndi mtundu wa mano ndi zipsera za kumaso. Nthawi iliyonse mukaiona lembani tsiku, ola, malo pa GPS ya foni, inalipo ingati, inali ndi yani, ndi kukhuta kwa mimba. Pemphani anzanu aja akuonetseni zithunzi za iwiri ya kutsidya, muyerekeze madontho a ndevu. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuganiza kuti yamphongo iwiri iliyonse yooneka pafupi ndi yomwe amaidziwa, pomwe ikhoza kukhala alendo omwe abwera kudzalanda. Pakatha miyezi 6 mukaika madontho onse pa mapu, mudzaona dera lenileni ndi nthawi yomwe gululo limatenga kuti lizungulire.

Kumudzi, yambani ndi mapazi. M'mawa dzuwa likadali pansi yenderani njira zolowera m'mudzi, kudambo ndi kuchitsime. Phazi lakutsogolo la wamphongo wamkulu limatalika masentimita 13 mpaka 15, n'lozungulira, silionetsa zikhadabo, ndipo kumbuyo kwa chidendene kuli timabondo titatu. La fisi limaonetsa zikhadabo, zala zake n'zopindika zothithikana, ndipo chidendene chili ndi timabondo tiwiri topendekera. Ikani bokosi la machesi pambali pa phazilo n'kujambula, kuti woona chithunzi adziwe kukula kwake. Ngati mapazi palibe, kubangulako n'kwakutali.

Khola likonzedwe lero, osadikira kuti mbuzi igwidwe. Mitengo ikhale yolimba, yozikidwa mozama, yotalika mamita awiri kapena kuposa, ndi yothithikana kapena yokutidwa ndi bango kapena mphasa kuti ziweto zisaone kunja ndipo mkango usaone m'kati. Nthawi zambiri mkango sulumpha kulowa m'khola. Umazungulira kuti ziweto zimve fungo, zichite mantha, zithyole zokha n'kutuluka. Pofooka pa makola ambiri ndi pakhomo, choncho chitseko chikhale cha matabwa kapena chitsulo, osati nthambi zongopingasa. Khola la mbuzi lam'mwamba ndi labwino, bola pansi pake ndi makwerero zikhale zolimba. Lambulani tchire kuzungulira khola mamita angapo. Ziweto zilowe dzuwa lisanalowe, zituluke litakwera, ndipo masiku ano azibusa akhale akuluakulu awiri, osati ana. Nyali zothwanima za sola zoikidwa kuzungulira khola, nzeru yomwe inatchuka ndi mnyamata wa ku Kenya, Richard Turere, zimathandiza, makamaka mukamazisuntha kuti mkango usazizolowere. Agalu ndi othandiza kudzutsa anthu basi.

Samalaninso ndi mwezi. Kum'mwera kwa Tanzania, komwe anthu mazanamazana anagwidwa ndi mikango, anapeza kuti ngozi zambiri zinkachitika pakati pa 6 koloko madzulo ndi 10 koloko usiku, m'masiku 10 otsatira mwezi wathunthu. Pa masiku owala mikango imalephera kusaka bwino, ndiye imakhala ndi njala, kenako mwezi ukayamba kutuluka mochedwa mdima umagwa anthu akadali panja. Ambiri ogwidwa anali olinda nguluwe m'minda, atagona m'tizisakasa, popeza mikango imatsata nguluwe zomwezo. Pa masiku amenewa anthu asayende okha madzulo, ana asatumidwe kunja, ndipo olinda akhale pa nsanja yaitali, awiriawiri, ndi tochi yowala. Munthu akakumana ndi mkango asathamange ndipo asautembenukire msana. Aime, anyamule mwana ngati ali naye, onse aunjikane pamodzi, akuwe mwamphamvu akuuyang'ana, kenako abwerere chafutambuyo pang'onopang'ono. Mkango ukagwetsa makutu, kumenyetsa mchira uku ndi uku ndi kulira chapansipansi, ndiye kuti mwayandikira kwambiri.

Chiweto chikagwidwa, pasapezeke wothira tameki kapena mankhwala ena pa nyama yotsalayo. Ndi mlandu waukulu, ndipo poizoni sasankha: amapha banja lonse la mikango, afisi, miimba yambirimbiri, agalu a m'mudzi, ngakhale anthu otola nyamayo. Komanso mukapha eni dera omwe ankangodutsa osavuta, malo awo amalowa yaing'ono yanjala yosadziwa malire, yomwe ndiyo imavutitsa ziweto.

Dziwitsani a nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire tsiku lomwelo, kudzera kwa mfumu kapena alonda a m'dera lanu, mukapeza mapazi a mkango pakati pa nyumba kapena pakhola, chiweto chikagwidwa, mkango ukaoneka masana pafupi ndi anthu osathawa, kapena ukamabwerera pamalo amodzi masiku awiri otsatizana. Mukaona mkango wotsimphina kwambiri, wowonda mpaka mafupa a m'chiuno kuonekera, wa bala lozungulira khosi, chiuno kapena phazi, kapena wokoka waya, imeneyo ndi nkhani ya maola, osati masiku. Lembani malo pa GPS, khalani patali pomwe mukuuonabe ngati muli m'galimoto, ndipo imbani foni. Bungwe la Conservation South Luangwa limagwira ntchito ndi dokotala wa nyama wochotsa misampha, ndipo mkango wopezeka msanga kawirikawiri umachira. A Zambian Carnivore Programme amatsata magulu ambiri a m'chigwamo, ena ndi makolala a pakhosi oonetsa komwe mkango uli, kotero akhoza kukuuzani msanga ngati itatu yanu ikudziwika komwe ili. Apatseni zithunzi za nkhope ndi tsiku lomaliza lomwe munaona wachitatu uja. Ngati patha milungu 6 mpaka 8 iwiri ija ikuoneka mobwerezabwereza popanda mnzake, ndiye kuti mwina watayikadi, ndipo kuyambira pamenepo muziwerenga ana a banja lija nthawi iliyonse mukalipeza, n'kumapereka chiwerengerocho kwa ofufuzawo.